Belo, mafuta ndi mabala a ku Msundwe

Mumsika wa Limbe, kudepoti ya mabasi ku Lilongwe kapena pamsika waukulu wa Mzuzu, pali mfuu imodzi imene imaimitsa malonda nthawi yomweyo: "Wakubaaa!" Wa tomato amasiya milu yake, wakabaza amagwetsa njinga, ngakhale amene sakudziwa chabedwa amathamangira komweko. Pakangotha mphindi zochepa munthu ali pansi, magazi chuchuchu, wina wayamba kale kufunsa za tayala ndi petulo. M'chikhamu chotere simusowa munthu mmodzi, kawirikawiri mayi wachikulire, wodandaulira anzake kuti ampereke kupolisi. Yankho limene amalandira silisintha, kaya ndi ku Karonga kaya ku Nsanje: "Kupolisi akatani? Mawa lomweli timupeza akuyenda pompano."

Mawu amenewa apolisi amawadziwa bwino, ndipo amawapweteka. Chomwe amayankha n'chakuti belo ndi ufulu wa munthu, osati mphatso ya wapolisi. Akunena zoona. Ndime 42 ya malamulo aakulu a dziko lino imati munthu akamangidwa aonekere kukhothi pasanathe maola 48, apo ayi atulutsidwe, ndipo aliyense ndi wosalakwa kufikira khothi litampeza wolakwa. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Pa makoma a mapolisi ambiri pali zikwangwani zonena zimenezi.

Koma chikwangwani sichiyankhula ndi mwini mbuzi. Iye adagwira wakuba usiku, adayenda naye mtunda wautali mpaka kupolisi, adapereka sitetimenti, n'kuuzidwa kuti azipita adzamuitana. Palibe adamukhazika pansi kumufotokozera kuti kutuluka pa belo si kutha kwa mlandu, kuti tsiku la khothi likubwera, kuti iyeyo ndiye mboni imene mlandu wonse watsamirapo. Patatha masiku awiri akumuona wakuba uja pamowa. M'mutu mwake nkhani yatha: apolisi adyapo. Tsiku la khothi likafika, n'kutheka sadamve n'komwe, kapena alibe ya thiransipoti, mlandu umathetsedwa chifukwa chosowa umboni, ndipo zimene ankaganiza zija zimaoneka ngati zatsimikizika. Chovuta china n'chakuti nthawi zina amakhala kuti sadaganize molakwa. Amalawi ambiri adaperekapo "ya fanta" kuti m'bale wawo atuluke m'chitokosi pa belo yomwe ija yaulere, ndipo amene amakwera minibasi tsiku ndi tsiku amadziwa chimene kondakitala amatsikira pa lodibuloko atafumbata dzanja.

Pali mawu enanso amene pafupifupi aliyense wodandaula adawamvapo pa kauntala: "Galimoto ilibe mafuta." Woberedwa amapisanso m'thumba kuti apolisi akafike pamalo pomwe pachitikira umbanda, kapena amalipira njinga yamoto yonyamula wapolisi. Amene alibe ndalama amabwerera. Mawa lake akaberedwanso sapitakonso.

Kumene anthu asiya kupita kupolisi, kumabadwa makhothi a miyala. Mu Januwale 2016, ku Neno, anthu adapha agogo anayi powaganizira kuti ndiwo adatumiza mphenzi imene idapha mtsikana wa m'mudzi mwawo. Mu Malichi chaka chomwecho, ku Nsanje, anthu 7 adatenthedwa atawapeza ndi mafupa a munthu. Mu 2017 mphekesera ya anamapopa itabuka ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, anthu osalakwa adaphedwa, midzi idadziikira malodibuloko ake, ndipo bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake m'madera ena. M'nkhani zonsezi anthu sadadikire boma, chifukwa mumtima mwawo sankakhulupirira kuti boma likubwera.

Mantha ndi kukayikirana kumeneku si kwa dzulo. Polisi ya dziko lino idakhazikitsidwa mu 1921, nthawi ya atsamunda, ndipo ntchito yake yaikulu idali kuteteza boma la azungu kwa eni dziko. Ufulu utabwera mu 1964, yunifolomu idasintha mwini koma khalidwe lidatsala. M'nthawi ya chipani chimodzi, nthambi ya Special Branch inkatenga munthu usiku, abale ake osafunsa kumene wapita. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu a David Chiwanga, adaphedwa ku Mwanza, boma n'kulengeza kuti idali ngozi ya galimoto. Kafukufuku amene adachitika ulamuliro wa zipani zambiri utabwera adapeza kuti adaphedwa ndi apolisi. Ana a nthawi imeneyo adakula akuopsezedwa kuti akapanda kusiya kulira amayi awo aitana apolisi, ndipo ambiri mwa iwo lero akuopsezanso adzukulu awo chimodzimodzi.

Kuyesa kukonza zinthu kudachitika ndithu. Mu 1997, mothandizidwa ndi boma la Britain, kudayamba ndondomeko yoti apolisi azigwira ntchito limodzi ndi anthu m'madera. Patapita zaka zochepa kudabwera nthambi ya Victim Support Unit, kumene amayi omenyedwa m'banja ndi ana ochitiridwa nkhanza amakafotokoza mavuto awo pambali, osati pa kauntala pamaso pa aliyense. Dzina lachingerezi la polisi lidasintha kuchoka ku Force, lotanthauza mphamvu, kukhala Service, lotanthauza utumiki, ndipo mu 2010 kudadza lamulo latsopano loyendetsera polisi. Lamulo limeneli lidalamula kuti pakhale bungwe loima palokha lomva madandaulo a anthu okhudza apolisi, la Independent Complaints Commission. Bungwelo lidakhala papepala zaka 10 zathunthu. Mkulu wake woyamba, a Christopher Tukula, adasankhidwa mu 2020.

M'zaka 10 zimenezo mudachitika zambiri. Pa 20 Julayi 2011 ndi tsiku lotsatira, anthu 20 adafa pa zionetsero zokwiya ndi ulamuliro wa a Bingu wa Mutharika, ambiri mwa iwo ataomberedwa ndi apolisi. Manda a ena ali ku Zolozolo mumzinda wa Mzuzu. Mu Seputembala chaka chomwecho mtembo wa Robert Chasowa, wophunzira pa Polytechnic ku Blantyre, udapezeka pasukulupo. Apolisi adati adadzipha. Komiti yofufuza mu 2012 idati adachita kuphedwa.

Anthu wamba nawo adali ndi mtanda wawo, vakabu. Mu Malichi 2015 Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo, adalawirira mbandakucha kupita kumsika wa Limbe kukachita malonda, apolisi n'kumugwira kuti ndi woyendayenda wopanda cholinga. Iye sadangolipira n'kuiwala monga ambiri ankachitira. Nkhani idafika kukhothi lalikulu, ndipo mu Januwale 2017 oweruza adati ndime 184(1)(c) ya malamulo a milandu, imene apolisi ankagwirira anthu vakabu, ikutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Tisaiwale kuti lamulo limenelo silinkakhudza munthu woyenda pagalimoto. Linkagwira wapansi, mlonda wochokera kuntchito, mayi wogulitsa mandasi, mnyamata wa kabaza.

Koma ngati pali malo amodzi pomwe ubale wa apolisi ndi anthu udang'ambika poyera, mbali zonse ziwiri zikukha magazi, ndi ku Msundwe, pamsewu wochoka ku Lilongwe kupita ku Mchinji. Chisankho cha pa 21 Meyi 2019 chitatha, dziko lidalowa m'miyezi ya zionetsero zofuna kuti wapampando wa bungwe la zisankho, mayi Jane Ansah, atule pansi udindo. Achinyamata a ku Msundwe adatchuka pa zionetserozi mpaka malowo kupatsidwa dzina loti Msundwe Barracks. Inali nyengo yachilendo: asilikali a nkhondo akafika anthu ankaomba m'manja, apolisi akafika miyala inkauluka.

Pa 8 Okutobala 2019 anthu adatseka msewu ku Msundwe pofuna kuletsa otsatira chipani cholamula cha DPP kupita kumsonkhano wa pulezidenti Peter Mutharika ku Lilongwe. Apolisi atapita kukatsegula msewuwo, mmodzi wa akuluakulu awo, a Usumani Imedi, adagendedwa mpaka kufa. Adali bambo wa banja amene adadzuka kupita kuntchito monga mwa masiku onse. Zithunzi za imfa yawo zidazungulira pa mafoni, ndipo ena, n'zomvetsa manyazi kunena, ankaseka.

Zimene zidatsatira n'zimene dziko silidzaiwala. Apolisi adakhamukira ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu. Amuna ambiri adathawira kutchire, m'nyumba mudatsala amayi ndi ana. Bungwe la Malawi Human Rights Commission litafufuza, lidapeza kuti apolisi adaponya utsi wokhetsa misozi m'midzi, kuthyola zitseko, n'kugwiririra ndi kuchitira nkhanza zogonana amayi ndi atsikana. Bungwe la maloya achizimayi la Women Lawyers Association lidatengera nkhaniyi kukhothi, ndipo pa 13 Ogasiti 2020 woweruza Kenyatta Nyirenda adalamula kuti amayi ndi atsikana 18 apatsidwe chipepeso, komanso kuti amene adachita zimenezi afufuzidwe ndi kumangidwa.

Chipepeso chidaperekedwa, kuchokera m'thumba la boma, kutanthauza misonkho ya tonsefe, kuphatikizapo ya amayi omwewo. Oganiziridwa kupha a Imedi adagwidwa m'masiku ochepa. Koma zaka ziwiri zidadutsa chigamulo chija chiperekedwere popanda wapolisi ndi mmodzi yemwe kuimirira m'bokosi kuyankha za amayiwo. M'malo mwake mudatuluka lipoti la kafukufuku wa apolisi eni ake lokayikira ngati nkhanzazo zidachitikadi. Mayi wa ku Mpingu amene adaona zonsezi, mwana wake akagwiriridwa lero, ndani angamudzudzule akazengereza kupita kupolisi? Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo anthu akumudzi amazindikira msanga amene wakhala pamkhate.

Komabe si milandu yonse idathera m'malere. Mu Febuluwale 2019 Buleya Lule, yemwe ankaganiziridwa pa nkhani yosowetsa mnyamata wachialubino ku Dedza, adafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe. Dokotala wopima mitembo, a Charles Dzamalala, adapeza kuti adazunzidwa ndi magetsi. Mu 2020 apolisi 13 adamangidwa, ndipo kumapeto kwa 2024 khothi lalikulu lidapeza apolisi 6 olakwa pa mlandu wakupha n'kuwatumiza kundende. Zidatenga zaka pafupifupi 6, koma akuluakulu adanena kuti mlandu suola. Mu 2022 khothi lidapezanso wapolisi wina wolakwa, pamodzi ndi wansembe ndi anthu ena, pa milandu yokhudza imfa ya MacDonald Masambuka, mnyamata wachialubino wa ku Machinga. Zigamulo ngati zimenezi ena amaziona ngati zonyozetsa polisi. Ine ndimaona kuti ndizo zimayeretsa yunifolomu kuposa maguba onse a kulikulu la apolisi ku Area 30, pakuti zimauza munthu wamba kuti chipewa sichibisa munthu ku lamulo.

Tinenenso za wapolisi iye mwini, chifukwa nkhani zotere zimakonda kumuiwala. Ambiri ndi ana a alimi ndi aphunzitsi amene adalowa ntchitoyi pofuna kudyetsa makolo. Akatuluka kumaphunziro ku Kanjedza kapena ku Mtakataka, amakapeza nyumba za kulaini zosakwanira, zina zomangidwa kale atsamunda asanachoke, kotero amachita lendi m'makwalala momwemo momwe mukukhala anthu amene mawa akawamange. Amatumizidwa kukatola mtembo wowola, kukaleretsa chikhamu cholusa ali atatu okha, kukaima padzuwa tsiku lonse podikira galimoto za bwana. Alipo amene adapulumutsa agogo oganiziridwa ufiti pakati pa miyala, iwo eni n'kuvulala, dzina lawo osatuluka m'nyuzipepala. Nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, koma kupolisi zimatembenuka: zodya akuluakulu ndi andale zimapota konsitebulo wa pamsewu, amene ndiye anthu amamufikira ndi mwala.

Dzanja la andale silidachoke pa polisi, boma lililonse. Pa 6 Disembala 2022 apolisi onyamula mfuti adazinga nyumba ya yemwe panthawiyo adali mkulu wa bungwe lothana ndi ziphuphu, mayi Martha Chizuma, mbandakucha, n'kupita nawo ku Namitete. Tsiku limenelo mafuta adalipo. Mu Juni 2025, ku Lilongwe, anthu onyamula zikwanje adakhapa a Sylvester Namiwa, amene ankatsogolera zionetsero, apolisi ndi asilikali ali chiimire pompo, makamera akujambula. Amene adaonera kanemayo pa foni ndi yemwe uja amauzidwa pa msonkhano wa kwa amfumu kuti asamalange yekha wakuba, azikhulupirira lamulo.

Ngakhale zili choncho, usiku uliwonse m'makwalala a ku Ndirande, Kawale, Chibavi ndi m'midzi yambirimbiri, amuna ena amasiya mabulangete awo n'kutenga tochi, wezulo ndi chibonga. Ndiwo achitetezo cha m'mudzi, amene m'tauni timangowatchula kuti aneba. Makomiti awo amayambira kwa nyakwawa, kudzera kwa gulupu, mpaka kwa mfumu yaikulu. Salandira malipiro a boma; amadalira timakobidi timene nyumba iliyonse imasonkha pamwezi, ndipo nyumba zina zimatseka chitseko zikamva kuti otolera afika. Nawonso ali ndi zawo: ena amamenya oganiziridwa, ena amaimitsa munthu wochokera kumaliro n'kumulipiritsa ngati vakabu idakalipo.

Koma iwowa ndiwo amakhala oyamba kufika mfuu ija ikamveka pakati pa usiku. Akamugwira munthu, amamukhazika pansi pa mtengo kapena pakhonde la golosale, atamumanga ndi lamba wake yemwe. Anthu amayamba kutuluka m'nyumba, wina ndi mpini, wina ndi njerwa. Wapampando amaimba foni kupolisi ndi mayunitsi ake, n'kuuzidwa kuti adikire kuche kapena abwere naye okha. Kuchokera pamenepo mpaka tambala woyamba, amuna anayi kapena asanu ovala majekete onyezimira amaima mozungulira munthu amene mwina waba kwa m'bale wawo, akuuza anansi awo kuti abwerere akagone, nkhaniyi ndi ya boma.