Ndodo ya Tsache Kaye, Chitsulo Pambuyo

Masewero osakaniza kunyonyomala, kudumpha ndi kunyamula zolemera mwaliwiro amatikopa chifukwa sadya nthawi. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu achite masewero amphamvu chonchi mphindi zosachepera 75 pa mlungu.

Chimatipweteka oyamba kumenefe ndi phuma. Timafuna kufanana ndi anzathu amene anayamba kalekale, n'kumanyamula chitsulo msana uli wopindika. Mwezi woyamba tizolowere kaye kanyamulidwe koyenera ndi ndodo ya tsache, kulemera kubwere pang'onopang'ono. Minofu imakula tikamapuma, choncho tikapuma pa Sabata sitibwerera m'mbuyo.

Ozolowera amadziwanso polekera. Minofu ikatupa n'kumapweteka kwambiri, mkodzo n'kuda ngati tiyi wopanda mkaka, tipite kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa impso zili pangozi.