Wojambula amene samva: kambiranani ndi mwini wake

Nkhani iyi tailemba papepala mwadala, chifukwa anthu amene ikuwakhudza kwambiri sangaimve pa wailesi. Ndi abale athu amene ali ndi vuto losamva. Mukatha kuwerenga, mupatseniko wina wotere, kapena mufotokozereni ndi manja.

Ine ndili ndi msuweni wanga amene anasiya kumva ali ndi zaka 9, atadwala matenda oumitsa khosi. Anachira, koma makutu anatsekeka mpaka lero. Kumudzi ambiri ankati basi, ameneyu adzakhala wongodyetsedwa. Panopa ndi wojambula zithunzi. Amajambula tizithunzi ta tipo passe timene mumafuna polembetsa ana kusukulu kapena pofunsira ntchito. Amapitanso ku maukwati, pa Idi, pa ubatizo ndi tsiku lotulutsa anamwali. Ndalama zake amadyetsa nazo mkazi ndi mwana.

Vuto silinali kamera

Kamera anaiphunzira msanga. Chimene chinamuvuta ndi ife anthu akumva. Ndiyambe ndi kulakwa kwanga.

Atangoyamba, ndinkamuperekeza kuti ndizimuyankhulira. Makasitomala ankayang'ana ine, kufunsa ine mtengo, kudandaulira ine. Iye ankangoima pambali ndi kamera ngati waganyu. Munthu akanenerera, ndinkatsitsa mtengo osamufunsa, poganiza kuti ndikumukokera anthu. Tsiku lina anandikhazika pansi n'kutsegula kope lake. Anali atalemba mtengo wa mapepala, wa inki, wa chapa yopita ku Cuamba kukatsukitsa zithunzi zikuluzikulu. Anandilozera ndi chala kuti mwezi wonse tinagwira ntchito yaulere. Ndinachita manyazi. Kuyambira tsiku limenelo mtengo amanena yekha.

Chachiwiri chinachitika pa ukwati wina. Eni ukwati anasintha nthawi, n'kumuyimbira foni katatu. Iye anaona kuti foni ikuitana, koma akanayankha bwanji? Anafika mwambo utatha. Banja linakwiya, ndalama sanalandire, ndipo mbiri inamveka kuti wojambula uja ndi wosadalirika. Chonsecho uthenga umodzi wolemba ukanakonza zonse.

Njira zimene amagwiritsa ntchito

Zimene anaphunzira pa mavuto amenewa zingathandize wina aliyense wosamva amene akufuna kuyamba geni, kaya ndi yosoka, yometa kapena yokonza mafoni.

Choyamba ndi chikwangwani cha mitengo. Anamata zithunzi zenizeni, chaching'ono, chapakati ndi chachikulu, chilichonse ndi mtengo wake mu meticais ndi mu makwacha, popeza kuno kumalire ndalama zonse ziwiri zimayenda. Kasitomala amangoloza chimene akufuna, n'kuonetsa ndi zala kuti zingati. Ngakhale agogo amene sanapite kusukulu amamvana naye bwinobwino.

Chachiwiri ndi kope ndi lisiti. Amalemba dzina, tsiku, chiwerengero cha zithunzi, ndalama zimene zaperekedwa ndi zotsala. Kapepala kena amapatsa kasitomala. Tsiku lodzatenga zithunzi amalozerana pa kalendala. Munthu wosamva akanamiziridwa, zimamuvuta kudziteteza pakamwa pamaso pa anthu, choncho kope ndiye mboni yake. Olipira pa M-Pesa kapena e-Mola amamuthandizanso, chifukwa uthenga wa ndalama umatsala mufoni.

Chachitatu, asanatsuke chithunzi amayamba waonetsa mwini wake pa kamera. Mukagwedeza mutu kuvomera, ndiye atsuka. Mukakana, ajambulanso. Apa mikangano yambiri imathera pomwepo.

Chachinayi, pansi pa nambala yake analemba m'Chipwitikizi ndi m'Chichewa kuti anthu asayimbe koma alembe uthenga. Ena amatumiza mawu ojambula pa WhatsApp, kuiwala kuti amenewonso sangawamve.

Chachisanu ndi cha pa maukwati. Amapita kusanafike tsikulo kukaona malo ndi kulemba ndondomeko. Amapempha banja kuti lisankhe munthu mmodzi woti azimulozera ankhoswe, makolo ndi alendo olemekezeka. Zotsalazo amaona yekha. Ife timadikira kumva nthungululu kuti tidziwe kuti mkwatibwi watuluka. Iye amaona amayi akuyamba kudzuka ndi kumanga zitenje, ndipo kamera imakhala ili kale m'maso.

Si zachilendo

Mwina mukuganiza kuti msuweni wangayu anangochita mwayi. Ayi, ntchito yojambula yakhala ikudyetsa anthu osamva kuyambira kalekale. Ku Deerfield, mudzi wa m'chigawo cha Massachusetts ku America, kunali amayi awiri apachibale, Frances Allen wobadwa mu 1854 ndi Mary Allen wobadwa mu 1858. Onse anali aphunzitsi. Makutu awo atayamba kufa, anasiya uphunzitsi n'kutenga kamera. Ankajambula ana a m'mudzi mwawo, alimi pa ntchito ndi nyumba zakale. Zithunzi ankagulitsa kwa alendo ndi kwa osindikiza mabuku ndi magazini, ndipo anali ndi kabuku ka mndandanda wa zithunzi kuti akutali aziitanitsa polemba kalata. Mu 1901 magazini ya Ladies' Home Journal inawaika m'gulu la amayi odziwa kujambula kwambiri m'dziko lawo. Taonani kuti nzeru yawo ndi yomwe ija ya chikwangwani ndi kope: ogula aone, asankhe, alembe.

Inu makasitomala, chitani izi

Lankhulani ndi mwini geni, ngakhale pali womasulira pambali. Muyang'aneni kumaso.

Pofuna kumuitana, kwezani dzanja pomwe akuona kapena mugwireni paphewa pang'ono. Musamuponyere mwala kapena chitsononkho ngati mukuingitsa nkhuku.

Imani powala, musatseke pakamwa, ndipo lankhulani mwachifatse. Kukuwa sikuthandiza, kumangopotoza milomo. Dziwaninso kuti kuwerenga milomo n'kovuta, makamaka kuno kumene timasakaniza Chiyao, Chimakua, Chichewa ndi Chipwitikizi. Zikavuta, lembani kapena lozani.

Lipirani mtengo wonse. Ena amachotsera dala poganiza kuti sakadandaula kulikonse. Kumeneko ndi kuba. Enanso amapereka ndalama mwachisoni osatenga zithunzi, ngati akupatsa wopemphetsa. Iye akufuna kasitomala amene adzabwerenso.

Mawu oti "gonthi" ndi "bubu" tiwasiye, amapweteka. Munthu aliyense ali ndi dzina.

Chinenero chamanja ndi chinenero ndithu

Malamulo aakulu a dziko la Mozambique a 2004, pa ndime 125, amalamula boma kukonza njira zoti chinenero chamanja chiphunziridwe ndi kutukulidwa. Mu 2012 dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala. Anthu osamva ali ndi bungwe lawo, ASUMO kuno kwathu ndi MANAD ku Malawi. Ku Malawi kuli sukulu za ana osamva monga ya Mua ku Dedza ndi ya Maryview ku Chiradzulu. Pa 23 September chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira zinenero zamanja.

Dziwani kuti chinenero chamanja cha ku Mozambique ndi cha ku Malawi si chimodzi. Komanso osamva ambiri a m'midzi mwathu sanaphunzire chilichonse mwa ziwirizi, amagwiritsa ntchito zizindikiro zimene anapangana ndi abale awo kunyumba. Choncho mufunseni mwini wake akuphunzitseni zake: moni, zikomo, mawa, zingati. Zinayi zokhazi zikwanira kuyamba nazo.

Titeteze makutu a ana athu

Kunena kuti wosamva angathe kudziimira sikutanthauza kuti tilekerere matenda ogonthetsa. Bungwe la zaumoyo la WHO linanena mu 2021 kuti anthu oposa 1.5 biliyoni padziko lonse ali ndi vuto lakumva, ndipo 430 miliyoni mwa iwo akufunika chithandizo. Linanenanso kuti mwa ana 10 alionse amene ali ndi vutoli, pafupifupi 6 chikanapewedwa.

Pitani ndi ana ku sikelo akalandire katemera yense, makamaka wa chikuku ndi rubella. Mayi akadwala rubella ali ndi pakati, mwana angabadwe wosamva.

Mwana akatentha thupi kwambiri, kuuma khosi kapena kukomoka, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Matenda oumitsa khosi ndi malungo aakulu sadikira kuti kuche.

Khutu lotuluka mafinya si chinthu choti mwana adzakula nacho n'kusiya chokha. Likakhalitsa limawononga mkati. Musathiremo mafuta kapena madzi a masamba, ndipo musatokose ndi nthenga kapena kamtengo ka machesi.

Musabayitse jakisoni kwa ogulitsa mankhwala pamsika. Mankhwala ena monga gentamicin ndi streptomycin amatha kugonthetsa munthu akaperekedwa mosayenera.

Phokoso nalo limapha makutu pang'onopang'ono. Ogwira ntchito pachigayo atseke makutu, ndipo ana asakhale pafupi ndi zokuzira mawu pa maukwati.

Ngati khanda silidzidzimuka chitseko chikamenyetseka, silitembenuka mukaliitana, kapena mwana wafika zaka 2 osatchula mawu, kauzeni azaumoyo. Iwo angakutumizeni ku chipatala chachikulu ku Cuamba kapena ku Lichinga. Musafulumire kumumenya kuti ndi mwana wosamva zonena makolo, mwina sakumvadi. Akapezeka ndi vutoli, musamubise m'nyumba. Yambani kulankhula naye ndi manja msanga, ndipo mutumizeni kusukulu. Msuweni wanga akutha kusunga kope lake chifukwa amayi ake anakana kumusiyitsa sukulu atadwala.

Banja lija la ukwati linadzabweranso patapita chaka, kudzajambulitsa mwana wawo woyamba. Ulendo uno analemba uthenga, ndipo wojambula anafika nthawi isanakwane. Inunso mukadzafuna chithunzi, chovala kapena kumeta, ndipo mwapeza kuti mwini ntchitoyo samva, musabwerere pakhomo. Lozani chimene mukufuna, gwirizanani mtengo ndi iye mwini, ndipo mukakhutira kauzeni anzanu.