Zoposa Zinzake Zonse: Kuyambira Namgumi Mpaka Mbuna za M'nyanja Yathu

Njovu yamphongo yokhwima imafika matani 6, ndipo pamtunda palibe nyama yoiposa. Koma m'nyanja zikuluzikulu muli namgumi wotchedwa blue whale, amene amatalika pafupifupi mamita 30 n'kulemera matani oposa 150. Pa nyama zonse zodziwika kuti zinakhalapo padziko lino, iyeyu ndiye mkulu. Mwana wake amabadwa ali kale ndi mamita 7, ndipo ndi mkaka wa mayi wake wokha amanenepa makilogalamu pafupifupi 90 tsiku lililonse. Chimphona chotere chimadya tizilombo ta m'madzi totchedwa krill, tongotalika masentimita ochepa. Chimene chimamulola kukula chonchi ndi madzi, chifukwa ndi amene amanyamula thupi lake. Atamuika pamtunda, kulemera kwake komwe kungamuphe.

Pa liwiro, katswiri ndi mbalame ya mtundu wa kabawi yotchedwa peregrine falcon. Ikaona njiwa, imakwera m'mwamba, kupinda mapiko n'kudziponya pansi pa liwiro loposa makilomita 300 pa ola. Koma anthu anapanga chinthu chothamanga kuposa pamenepo kutalitali. Chombo cha Parker Solar Probe, chimene bungwe la NASA linatumiza mu 2018, chinadutsa pafupi ndi dzuwa pa 24 December 2024 chikuthamanga makilomita pafupifupi 690,000 pa ola. Pa liwiro limenelo, ulendo wochoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre sungakwane n'komwe masekondi awiri. Si injini imene imachithamangitsa chotere, ndi mphamvu yokoka ya dzuwa, ndipo kuti chisapse anachiveka chishango cha kaboni chochindikala masentimita 11. Komabe ngakhale chombocho chili kumbuyo kwenikweni poyerekeza ndi kuwala, kumene kumayenda makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi imodzi.

Ine chombo chimene chimandikhudza mtima ndi Voyager 1. Chinanyamuka mu 1977, ndipo lero ndicho chinthu chopangidwa ndi anthu chimene chili kutali kuposa china chilichonse, pa mtunda woposa makilomita 24 biliyoni. Uthenga wochokera kuno umatenga maola oposa 22 kuti uchipeze, yankho n'kutenganso nthawi yomweyo pobwera. Akatswiri akafuna kukonza vuto pa kompyuta yake yakalekale, amatumiza lamulo n'kudikira masiku awiri kuti adziwe ngati zatheka. Kudekha kotere n'koyenera kukuchitira ulemu.

Pulaneti yotentha kuposa zonse zozungulira dzuwa lathu si Mercury, ngakhale ndiyo ili pafupi kwambiri ndi dzuwa. Ndi Venus, kumene kumatentha madigiri pafupifupi 465, chifukwa mpweya wake wochuluka wa carbon dioxide umatsekereza kutentha kuti kusatuluke. Kuno kwathu padziko, kuzizira koopsa kumene zipangizo zinayezapo pansi kunali madigiri 89.2 kunsi kwa ziro, pa malo ofufuzira a Vostok ku Antarctica mu July 1983.

Zitsulo nazo zili ndi akatswiri awo. Tungsten sasungunuka mpaka pa madigiri 3,422, n'chifukwa chake kawaya kowala ka m'mababu akale aja kankapangidwa ndi chitsulo chimenechi. Osmium ndiye wolemera: lita imodzi yokha imaposa makilogalamu 22, pamene lita ya madzi ndi kilogalamu imodzi.

Malo akuya kuposa onse m'nyanja ndi Challenger Deep ku Pacific, pafupifupi mamita 10,900. Phiri la Everest, la mamita 8,849, litaikidwa mmenemo lingamire n'kutsalanso madzi a makilomita awiri pamwamba pake. Jacques Piccard ndi Don Walsh anatsikirako mu 1960. Pa nyanja zopangidwa ndi anthu, yosunga madzi ambiri kuposa zonse ili pafupi nafe: Kariba, pa mtsinje wa Zambezi, m'malire a Zambia ndi Zimbabwe, imene khoma lake linatha kumangidwa mu 1959.

Tsono tifike panyumba. Nyanja ya Malawi si yaikulu kuposa zonse, komanso si yakuya ngati Baikal ya ku Russia kapena Tanganyika. Koma pa kuchuluka kwa mitundu ya nsomba, palibe nyanja ina ya madzi opanda mchere padziko lonse yoiposa. Muli mitundu mazanamazana, yambiri mwa iyo sipezeka kwina kulikonse, ndipo chambo, utaka ndi mbuna zonse ndi za banja limodzi la cichlid. Mbuna zimakonda kwawo. Zimakhala m'miyala, kupala ndere ndi timano tawo, ndipo sizifuna kudutsa pamchenga poyera kupita ku miyala ina. Motero gulu la pachilumba china limakhala palokha mibadwomibadwo, maonekedwe n'kusintha, mpaka kukhala mtundu wakewake. Kaleredwe kake nako n'kodabwitsa. Yaikazi ikaikira mazira imawatola n'kuwasunga m'kamwa kwa milungu pafupifupi itatu, osadya mokwanira nthawi yonseyo, mpaka tiana titatha kusambira tokha. N'chifukwa cha nsomba zimenezi kuti mu 1984 bungwe la UNESCO linaika Lake Malawi National Park, ya ku Cape Maclear, pa mndandanda wa malo a mtengo wapatali padziko lonse. Zimandiwawa kuti ana athu ambiri amadziwa za Everest koma za mbuna sanamvepo, komanso kuti m'madoko ena anthu amakokolola tiana ta nsomba ndi maneti amene anaperekedwa kuti azigonamo.

Manetiwo ali ndi ntchito yake yaikulu, pakuti nyama yopha anthu ambiri kuposa zonse si mkango kapena ng'ona. Ndi udzudzu. Malungo okha amapha anthu pafupifupi 600,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo ana a mu Africa osakwana zaka zisanu. Woluma ndi waukazi wa mtundu wa Anopheles, pofuna magazi okhwimitsira mazira ake. Mu 2019, Malawi, Ghana ndi Kenya anakhala mayiko oyamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S kwa ana m'zipatala, ndipo amene anayamba mwa atatuwa anali Malawi, m'mwezi wa April.