Kwawo kwa mbale ya agogo

M'kabati ya agogo anga aakazi mudali mbale imodzi yoyera ya maluwa abuluu imene ife ana sitinkaloledwa ngakhale kuikhudza. Inkatuluka kukabwera abusa kapena ankhoswe basi. Agogo aamuna ndiwo adabwera nayo kuchokera ku Halale komwe ankagwira ntchito ya ukhukhi. Pansi pake padali chidindo cha mawu awiri: Staffordshire, England. Chodabwitsa n'chakuti agogowo adali mmisiri woumba. Miphika, nkhali ndi mitsuko ya theka la mudzi wathu idachokera m'manja mwawo, koma chimene ankachisamala ngati dzira chidali mbale ya eni ake.

Chaka chatha ndidakafika kwawo kwa mbaleyo. Sukulu yathu ili paubale ndi sukulu ina ya ku England, ndipo mwayi wa masabata awiri udagwera ine. Mayi amene ankandisunga atamva nkhani ya mbale ija, Loweruka lake adandikweza galimoto mpaka ku Stoke-on-Trent, m'chigawo cha Staffordshire.

Uwu ndi mzinda wosokoneza mlendo chifukwa ulibe pakati penipeni. Ndi matauni asanu ndi limodzi, Tunstall, Burslem, Hanley, Stoke, Fenton ndi Longton, amene adalumikizidwa mu 1910. Eni ake amangoti The Potteries, kunena kuti kwa oumba. Titakhala pansi kuti timwe tiyi, mayi wogulitsa adanditcha bakha m'chizungu chawo. Ndidadziyang'ana mayendedwe, koma adandiuza kuti kumeneko ndi mawu a chikondi, amatero kwa aliyense. Kenako ndidaona bambo wina wa pa tebulo loyandikana akutembenuza sosala n'kusuzumira pansi pake. Akuti ndi chizolowezi cha anthu a mumzindamo kulikonse kumene apita: amafuna aone ngati chiwiyacho chidaumbidwa kwawo.

Chimene chimakopa maso msanga ndi mauvuni. Taganizani botolo la njerwa lotalika kuposa nyumba yosanja, lonenepa pansi, lowonda kukhosi. Kale adalipo pafupifupi 2,000, lero atsala 47. Ku Gladstone Pottery Museum, m'tauni ya Longton, adasunga fakitale yathunthu momwe idaliri, ndipo munthu umalowa mpaka m'kati mwa uvuni. Botolo limene umaona kunja ndi chumuni chabe, uvuni weniweni uli m'mimba mwake. Mbale zosapsa ankaziika m'mabokosi a dongo otchedwa saggar kuti malawi ndi utsi zisazidetse. Amuna ankasenza mabokosiwo pamutu, kukwera nawo makwerero n'kuwasanja mpaka kudenga. Akatha ankatseka khomo ndi njerwa n'kusonkha moto wa malasha usana ndi usiku kwa masiku awiri kapena atatu. Wosonkha moto wamkulu ankadziwa kupsa kwa katundu ndi maso, ndipo akalakwitsa, ntchito ya fakitale yonse ya masabata angapo inkasanduka mapale.

Nditaima m'katimo ndidakumbuka agogo akuunjika nkhuni ndi makungwa pa miphika yawo kuseri kwa nkhokwe, akutithamangitsa kuti tisachite phokoso. Nawonso ankadziwa ndi maso.

Kodi n'chifukwa chiyani ntchitoyi idakula pamalo amenewa osati kwina? Yankho lili pansi pa nthaka. Dongo ndi malasha zidapezeka malo amodzi, ndipo kuwotcha mbale kunkadya malasha ambiri kuposa dongo lenilenilo. Choncho mgodi ndi fakitale zidakulira limodzi: bambo kumgodi, mayi ndi ana kofakitale. Chidatsala ndi njira. Mbale yonyamulidwa pa kavalo m'misewu ya maenje inkafika itasweka. Josiah Wedgwood, yemwe adabadwira ku Burslem mu 1730, adalimbikira kuti kukumbidwe ngalande yodutsamo mabwato, ya Trent and Mersey, yomwe idatha mu 1777. Fakitale yake ya Etruria, yotsegulidwa mu 1769, adaimanga m'mphepete mwa njira ya ngalandeyo. Dongo loyera lochokera ku Cornwall linkabwera pamadzi, mbale n'kumatuluka pamadzi kupita kudoko la Liverpool, kuchoka apo dziko lonse lapansi.

Wedgwood ameneyu ndimamuphunzitsa m'kalasi ngati dzina chabe la pa mayeso. Sindinkadziwa kuti nthomba idamuwononga bondo ali mwana, moti sankatha kupalasa gudumu loumbira, ndipo mwendowo adadzaudula. Kulephera kuumba ndi kumene kudamukankhira koyesa dongo ndi utoto wosiyanasiyana. Ndi yemwenso mu 1787 adaumbitsa kamendulo ka kapolo wogwada ali mu unyolo, kamene anthu odana ndi malonda a ukapolo ankavala. Ndipo Charles Darwin wa m'buku la Biology uja ndi mdzukulu wake.

Koma musaganize kuti zonse zidali maluwa ngati a pa mbale ya agogo. Fumbi la mwala wopera umene ankasakaniza ndi dongo linkaumitsa mapapo a oumba. Mtovu wa mu utoto wowalitsa mbale unkapuwalitsa manja a oviika, ndipo amayi ambiri ankapita padera. Ana aang'ono, ena osafika zaka 10, ankathamanga ndi zikombole tsiku lonse pakati pa chipinda chotentha ndi bwalo lozizira. Uvuni usanazizire bwino, amuna ankalowamo atadzikulunga nsanza zonyowa kuti atulutse katundu, chifukwa bwana sankafuna kudikira. Pa zithunzi zakale za mzindawu dzuwa silioneka, ndi utsi wokhawokha. Lamulo loletsa utsi la 1956 ndilo lidathetsa mauvuni a malasha, mafakitale n'kusamukira ku gasi ndi magetsi.

Ku Burslem tidaima pa chikumbutso cha ngozi ya mgodi wa Sneyd. Pa 1 Januwale 1942 mgodiwo udaphulika n'kupha anthu 57. Mwa mwambo wawo, a m'migodi sankalowa pansi tsiku la chaka chatsopano, koma chaka chimenecho adalowa chifukwa nkhondo inkafuna malasha.

Malo amene adandikhudza kwambiri ndi mgodi wa Chatterley Whitfield, kumpoto kwa mzindawu. Mu 1937 udali mgodi woyamba ku Britain kutulutsa matani 1 miliyoni a malasha m'chaka chimodzi. Udatsekedwa mu 1977, adausandutsa malo oonetsera mbiri ya migodi, koma nawonso adatseka mu 1993. Ife tidangosuzumira pa mpanda. Chumuni chachitali chikadali chiimire, magudumu otsitsira anthu pansi achita dzimbiri, mitengo yamera pa madenga. Phiri la zinyalala za mumgodi lidamera udzu, anthu amayendetsapo agalu. Ine ndinkaganiza kuti azungu sataya chakale chawo. Amataya ndithu. Kusunga kumafuna ndalama, ndipo ngakhale kumeneko chimene chimapulumuka ndi chimene chapeza anthu ochikakamira. Gladstone ija idatsala pang'ono kugwetsedwa, adaipulumutsa ndi anthu ochepa amene adakana.

Mgodi wakuya womaliza m'derali, wa Silverdale, udatsekedwa mu 1998. Fakitale ya Royal Doulton ku Burslem idatseka mu 2005, ya Spode ku Stoke mu 2008, ntchito yambiri itasamukira ku maiko a ku Asia komwe malipiro ndi otsika. Ukayenda m'misewu ya Burslem umaona nyumba zokongola zakale, monga Wedgwood Institute ya zosema pakhoma, zili pakati pa masitolo okhomedwa matabwa. Komabe moto sudazimiretu. Ku Middleport, fakitale yomangidwa mu 1888 m'mphepete mwa ngalande ija, ndidaona amayi akumata maluwa pa makapu ndi manja, kuchokera pa pepala lopyapyala, monga momwe mbale ya agogo iyenera kuti idakongoletsedwera. Ndidafuna kugula kapu imodzi. Nditasintha mtengo wake m'makwacha ndidaibwezera pa shelefu mwaulemu.

Nditabwerera kuno ndidapita kumudzi kukatenga mbale ija. Ilipo, idangobenthuka pang'ono m'mphepete. Kenako ndidayamba kufunsa nyumba ndi nyumba ngati pali amene adasunga mphika kapena mtsuko woumba agogo. Sindidapeze ndi umodzi womwe. Ena akuti udasweka, ena akuti mwina ndi uwo akumweramo nkhuku, koma ndani angatsimikize? Agogo sankadinda dzina. Dambo limene ankakumba dongo adalimapo chimanga, ndipo pakhomo paliponse pali ndowa za pulasitiki. Ine ndemwe, kunena zoona, ndili ku sekondale ndinkachita manyazi kuuza anzanga kuti fizi yanga ina ikuchokera ku miphika.

Kuseri kwa sukulu yathu kwatsala mayi mmodzi wokalamba amene akuumbabe. Nditauza ophunzira anga kuti phunziro la Industrial Revolution tikayambira pakhomo pa mayiyo tisanatsegule buku, adaseka mpaka ena kugwira m'mimba. Mtsikana wina adafunsa ngati zimenezo zibwere pa mayeso. Ndidamuyankha kuti sizibwera, koma tipita.

Mayiyo avomera kuti tifike Lachisanu masana, dzuwa likapendeka. Ati aliyense abwere ndi mtolo wake wa nkhuni, ndipo wovala yunifolomu yoyera asadzadandaule.