Cifukwa cake akatswiri a nkhonya amacokera m'makomboni

Pafupifupi akatswiri onse a masewera a nkhonya amene anachukitsa dziko la Zambia anakulira m'makomboni a mzinda wa Lusaka kapena m'matauni a ku Migodi. Madera a kumidzi monga Mpanshya, m'boma la Rufunsa, samveka kawirikawiri pa mndandanda wa omenya nkhonya ochuka, ngakhale kuti nakonso kuli anyamata ndi atsikana amphamvu amene amalima, kutema mitengo ndi kuyenda mitunda yaitali tsiku ndi tsiku.

Zimenezi si za m'Zambia mokha. M'maiko ambiri, malamba a nkhonya amaunjikana m'kadera kamodzi kothithikana ka mumzinda, pamene madera ena onse a dzikolo amangomvera pa wailesi.

Citsanzo codziwika kwambiri mu Africa ndi dera la Bukom, m'mphepete mwa nyanja mumzinda wa Accra ku Ghana, kumene kumakhala asodzi a mtundu wa Ga. Kumeneko n'kumene kunacokera David Kotei, wodziwika ndi dzina lakuti D.K. Poison, amene mu 1975 anakhala munthu woyamba wa ku Ghana kutenga lamba wa dziko lonse lapansi. Pambuyo pake kunabwera Azumah Nelson, amene anatenga lamba wa bungwe la WBC mu 1984, kenaka Ike Quartey mu 1994, Joseph Agbeko mu 2007 ndi Joshua Clottey mu 2008. Okonda nkhonya acikulire a mu Lusaka amamukumbukira bwino Azumah Nelson, pakuti mu 1982 anabwera kuno ndi kugonjetsa Charm "Shuffle" Chiteule pa nkhondo yolimbirana lamba wa Commonwealth.

Ku South Africa kuli Mdantsane, komboni yaikulu pafupi ndi mzinda wa East London. Welcome Ncita wa kumeneko anatenga lamba wa IBF mu 1990, ndipo Vuyani Bungu anatenga lamba yemweyo mu 1994 n'kumuchinjiriza maulendo 13. Onse awiri anadutsa m'manja mwa mphunzitsi mmodzi, a Mzimasi Mnguni. Ku America, dera la Brownsville mumzinda wa New York linatulutsa Mike Tyson, Riddick Bowe ndi Eddie Mustafa Muhammad, amene mu 1982 anagonjetsa malemu Lottie Mwale ku Las Vegas.

Anthu ambiri akafunsidwa cifukwa cake, amayankha msanga kuti ndi umphawi. Yankho limeneli lili ndi coonadi pang'ono cabe. N'zoona kuti mwana wa munthu wolemera sakonda kupereka nkhope yake kuti imenyedwe pofuna ndalama, ndiponso n'zoona kuti nkhonya safuna zipangizo zodula poyamba: thumba la mcenga, cingwe columpha ndi magolovesi obwerekana n'zokwanira. Koma umphawi uliponso kumidzi, nthawi zina woposa wa m'tauni. Ukadakhala kuti ndiwo wokha umaumba akatswiri, bwenzi malamba atadzaza m'midzi ya m'mbali mwa mseu wa Great East Road.

Cimene komboni ili naco, cimene mudzi ulibe, ndi kuculuka kwa anthu pamalo amodzi. Nkhonya amamenyana motsata sikelo. Mnyamata wolemera makilogalamu 52 sangaphunzire kanthu pomenyana ndi munthu wa makilogalamu 80, amangovulazidwa. Amafunika anzake asanu kapena khumi a sikelo yofanana ndi yake, ena amanzere, ena aatali, ena othamanga, oti azipimana nao mphamvu mlungu ndi mlungu. M'komboni monga Matero, Kanyama, Chawama kapena Mtendere, acinyamata otere amapezeka onse pa mtunda woyenda pansi. Kumudzi, kumene makomo ali patalipatali ndipo nyengo ya dzinja imatengera aliyense kumunda, mnyamata waluso angathe kukula osakumanapo ndi mnzake woti amuphunzitse kuopsa kwa dzanja lamanzere.

Palinso nkhani ya mphunzitsi. Luso la nkhonya siliphunziridwa m'buku, limacoka kwa munthu kupita kwa munthu. Katswiri akapuma, nthawi zambiri amabwerera kwao n'kutsegula kalabu, ndipo ana amene ankamuona akuthamanga m'mawa pa mseu wafumbi ndiwo amakhala ophunzira ake oyamba. Motero dera likangotulutsa katswiri mmodzi, mwai woti litulutse waciwiri umakula.

M'Zambia, maziko a zonsezi anaikidwa ndi makampani a migodi. Kuyambira m'nthawi ya atsamunda, makampaniwa ankamanga maholo ndi mabwalo a masewera m'makomboni a anchito ao ku Kitwe, Mufulira, Chingola ndi Luanshya. Colinga cao cinali cakuti anchito ndi ana ao akhale ndi cocita akaweruka, koma zotsatira zake zinali makalabu okhala ndi aphunzitsi, zipangizo ndi mipikisano yocitika kawirikawiri pakati pa tauni ndi tauni. Dongosolo limeneli linapitirira dziko litalandira ufulu mu 1964, mpaka m'nthawi ya kampani ya ZCCM.

A Lottie Mwale, amene anthu ankawachula kuti "Gunduzani", anabadwira ku Kitwe mu 1952. Mu 1974 anatenga mendulo ya golide pa masewera a Commonwealth ku Christchurch m'dziko la New Zealand. Atalowa nkhonya za malipiro, anagwetsa Tony Sibson wa ku Britain m'raundi yoyamba mu 1978, ndipo mu 1979 anagonjetsa Gary Summerhays wa ku Canada mu Lusaka n'kutenga lamba wa Commonwealth. M'mwezi wa November 1980 anakamenyana ndi Matthew Saad Muhammad ku San Diego polimbirana lamba wa WBC wa dziko lonse, koma anagwetsedwa m'raundi yacinai. Kufikira lero, dzina lao ndilo limayamba kuchulidwa anthu akamakamba za nkhonya m'dziko muno.

Mendulo yoyamba ya Zambia pa masewera a Olympic inabweranso kudzera m'nkhonya, pamene Keith Mwila anatenga mendulo ya buronzi ku Los Angeles mu 1984. Caka cotsatira, Chisanda Mutti anatsala pang'ono kutenga lamba wa IBF ku Monaco. Pa nkhondoyo iye ndi Lee Roy Murphy anagwetsana nthawi imodzi, onse awiri n'kugwa pansi, koma Murphy ndiye anadzuka woimbira asanathe kuwerenga. Tauni ya Mufulira payokha inatulutsa Kennedy Kanyanta, amene anatenga golide pa masewera a Commonwealth ku Manchester mu 2002, ndi Hastings Bwalya, amene anatenga golide pa masewera a All-Africa ku Algiers mu 2007.

Migodi itagulitsidwa kwa makampani oima paokha, nchito imene inatha mu 2000, thandizo la masewera linacepa kwambiri ndipo makalabu ambiri a m'makomboni a migodi anafooka. Mphamvu ya nkhonya inayamba kusamukira ku Lusaka. Kumeneko kunali makalabu a asilikali ndi apolisi, monga Green Buffaloes, amene amapatsa womenya nkhonya cinthu cosowa kwambiri m'masewerawa: nchito ya malipiro a pamwezi. Kunalinso makampani othandiza, mawailesi, ndi anthu oculuka otha kugula matikiti.

Nkhani ya Esther Phiri imaonetsa bwino m'mene komboni imagwirira nchito yake. Iye anabadwa mu 1987 ndipo anakulira ku Mtendere, kum'mawa kwa Lusaka. Bambo ake atamwalira anasiya sukulu ali ku pulaimale, n'kuyamba kuthandiza agogo ake kugulitsa ndiwo zamasamba pamsika. Anabereka mwana ali ndi zaka 16. Moyo wotere ndi wa atsikana ambirimbiri, m'tauni ndi kumudzi komwe. Kusiyana kwake kunali kwakuti ku Mtendere kunali bungwe la acinyamata la Africa Directions, limene linkaphunzitsa za kapewedwe ka HIV kudzera m'masewera, ndipo ena mwa masewerawo anali nkhonya. Esther analowa ali mtsikana yekha pakati pa anyamata.

Kucokera pamenepo anafika m'manja mwa a Anthony Mwamba, odziwika kuti "Preacherman", amenenso anali katswiri pa nthawi yao: anaimirira Zambia pa masewera a Olympic mu 1988 ndipo anatenga buronzi pa masewera a Commonwealth mu 1990. Mu 2006, Esther anagonjetsa Kelli Cofer wa ku America mumzinda wa Nairobi n'kutenga lamba wake woyamba wa bungwe la WIBF. M'zaka zotsatira nkhope yake inali pa zikwangwani za malonda m'miseu ya Lusaka, ndipo mu 2014 munatuluka filimu ya moyo wake yochedwa Between Rings. A Mwamba anamwalira mu January 2021.

Pa ulendo wonsewu, ciliconse cimene Esther anafunikira cinali pafupi: holo yophunziriramo, anyamata opimana nao, mphunzitsi wodziwa anthu akunja, kampani yolipira zofunika, ndi bwalo lodzaza anthu. Akadabadwira makilomita mazana awiri kucokera pamenepo, mphamvu zake zikadakhala zomwezo, koma palibe akadaziona.

Njira imene anatsegulayo inadutsamo ena. Pa 30 January 2016, Catherine Phiri wa gulu la Oriental Quarries la mu Lusaka anagonjetsa Yazmin Rivas ku Rosarito m'dziko la Mexico n'kutenga lamba wa WBC wa dziko lonse, umene a Lottie Mwale anaulephera zaka 35 m'mbuyomo pa sikelo yao. Anakhala nao mpaka April 2017 pamene Mariana Juárez anamulanda mumzinda wa Mexico City.

Koma mbiri ya makomboni a nkhonya ili ndi mbali ina imene sichulidwa kawirikawiri pa tsiku la cikondwerero. M'mwezi wa December 1997, Felix Bwalya wa ku Chingola anagonjetsa Paul Burke wa ku Britain mu Lusaka n'kutenga lamba wa Commonwealth. Anapambana pa mapointi, koma anali atagwetsedwa katatu m'maraundi omaliza. Pasanathe milungu iwiri anamwalira m'cipatala. A Lottie Mwale nao anamwalira mu October 2005 atadwala nthawi yaitali matenda a Parkinson's, ndipo zaka zao zomaliza zinali za usiwa. Pa katswiri aliyense amene dzina lake limamveka pa wailesi, pali acinyamata ambiri a m'komboni yomweyo amene anamenyedwa m'mutu zaka zambiri osapeza lamba kapena ndalama.

Vuto lalikulu la nkhonya ndi kugwedezeka kwa ubongo. Munthu angathe kudzuka, kuseka ndi kulandira lamba, pamene magazi akukha pang'onopang'ono mkati mwa cigaza. Zizindikiro zake, monga mutu wosaleka kupweteka, kusanza, tulo tosadziwika bwino ndi kusokonezeka kwa malankhulidwe, nthawi zina zimaoneka patapita maola kapena masiku. N'cifukwa cake malamulo a masewerawa amafuna kuti womenya apimidwe ndi dokotala asanakwere m'bwalo, kuti pa nkhondo iliyonse pakhale dokotala, ndiponso kuti amene wagwetsedwa mpaka kukomoka apume kwa milungu ingapo asanamenyenso. Nkhonya za malipiro zimayang'aniridwa ndi bungwe la Zambia Professional Boxing and Wrestling Control Board, pamene za osalipidwa zili pansi pa Zambia Boxing Federation.

Apa mpamene kutalikira kwa dera monga Mpanshya kumakhala nkhani yeniyeni. Mpanshya ali pa mtunda wa makilomita oposa 150 kum'mawa kwa Lusaka, m'dera la mapiri la Mfumu Mpanshya, ndipo ali ndi cipatala ca mishoni ca St Luke's cimene cimathandiza anthu a m'midzi yambiri yozungulira. Koma opaleshoni ya ubongo ndi nchito ya madokotala apadera a m'zipatala zikuluzikulu monga University Teaching Hospital ku Lusaka, ndipo pa vuto lotere ola lililonse ndi lofunika. Anyamata akumudzi amene amamanga nsanza m'manja n'kumamenyana kuseri kwa sitolo potsanzira zimene aona pa foni amakhala pangozi yoposa ya anzao a m'kalabu, pakuti palibe wowayesa sikelo, palibe woimitsa nkhondo, ndipo thandizo lili kutali.

Zimenezi sizitanthauza kuti mwana wa ku Rufunsa alibe njira. Njira ilipo, koma imadutsa m'tauni, monga momwe zakhalira kwa oimba ndi osewera mpira ambiri. Wacinyamata amapita kukakhala kwa malume kapena azakhali ku Kalingalinga kapena ku Mtendere, n'kupeza kalabu yolembetsedwa. Akadzapambana, olengeza amachula komboni imene anaphunziriramo, osati mudzi umene anabadwiramo. Ndiye kuti mwina ena mwa malamba amene amawerengedwa kuti ndi a makomboni a Lusaka ali ndi mizu kumidzi ya kum'mawa.

Kuyambira mu 2010 ku Lusaka kulinso malo a masewera a Olympic Youth Development Centre, amene anamangidwa mothandizidwa ndi bungwe la International Olympic Committee, ndipo acinyamata a m'makomboni oyandikana nao amaphunzirako masewera osiyanasiyana kuphatikizapo nkhonya. M'badwo watsopano waonetsa kale mphamvu zake. Pa masewera a Commonwealth ku Birmingham mu 2022, Stephen Zimba anatenga siliva ndipo Patrick Chinyemba anatenga buronzi. Mu 2024 Chinyemba anatenga golide pa masewera a African Games ku Accra, mzinda wa Bukom womwe uja, ndipo m'caka comweco anafika m'ndime ya makota fainolo pa masewera a Olympic ku Paris, kumene Margret Tembo anakhala mkazi woyamba wa ku Zambia kumenya nkhonya pa masewerawo.