SA Youth

SA Youth ndi tsamba la pa intaneti lothandiza achinyamata a ku South Africa kupeza ntchito ndi maphunziro a luso. Limayendetsedwa ndi Harambee Youth Employment Accelerator, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 2011, mogwirizana ndi ofesi ya pulezidenti wa dzikolo.

Wofuna ntchito amalembetsa pa foni osalipira data. Izi n'zofunika chifukwa kusaka ntchito kumadya ndalama zomwe lova alibe. Kompyuta imaona komwe munthuyo amakhala ndi zomwe amatha, n'kumuonetsa mwayi wapafupi, popeza ntchito yakutali malipiro ake amathera m'mayendedwe. Mu 2021 boma linagwiritsa ntchito tsambali polemba achinyamata othandizira aphunzitsi m'masukulu.