Anthu akamadula njira pabwalo la nyumba za lendi

Pa Bwanje, m'boma la Ntcheu, moyo wonse umayang'ana ku msewu wa M5 wochokera ku Balaka kupita ku Salima. Mashopu ali m'mbali mwa msewu, kuseri kwake kuli nyumba za lendi za mdadada: zitseko zinayi kapena zisanu, bwalo limodzi, bafa ndi chimbudzi kumbuyo. Kupitirira apo ndi midzi, minda ndi mijigo. Wochokera kumudzi akafuna kufika pamsewu sazungulira, amangodula pabwalo pomwepo. Abale athu a ku Chipoka, Monkey Bay ndi Nkhotakota, zimenezi mukuzidziwa, chifukwa kwanunso n'chimodzimodzi.

Ena amati ndi nkhani yaing'ono. Koma banja lokhala m'chipinda chimodzi limakhala kwambiri panja. Mayi amaphika pakhonde, amachapa pabwalo, ndipo pochokera ku bafa amadutsa pomwepo. Amuna achilendo akamadutsa kuyambira m'mamawa mpaka usiku, mlongo wathuyo amakakamizika kudzifunda tsiku lonse pakhomo pake pomwe, kapena kubindikira m'nyumba ya malata ndi kutentha kwa mu Okutobala m'chigwa cha Bwanje. Mwana wokwawa amakumana ndi njinga yamoto ya kabaza. Ndipo pakati pa odutsa makumi awiri pamakhala mmodzi amene akuwerenga pamene pali sola, njinga ndi ziwiya zapathandala. Mapeto ake anthu amasamuka, zipinda n'kukhala zopanda munthu.

Chisilamu sichinaisiye nkhaniyi. Mu Surah An-Nur, ayah 27 ndi 28, tikuletsedwa kulowa m'makomo a eni tisanapemphe chilolezo ndi kupereka salamu, ndipo tikauzidwa kuti tibwerere, tibwerere. Mtumiki (SAW) anaphunzitsa kuti kuodira n'katatu basi. Imam Abu Dawud analandira nkhani ya Swahaba Samura ibn Jundub, yemwe anali ndi mitengo ya tende mkati mwa munda wa munthu wina wa ku Madina. Mwini mundayo ankakhala momwemo ndi banja lake, ndipo kulowalowa kwa Samura kunkamusowetsa mtendere. Mtumiki (SAW) anapempha Samura kuti agulitse mitengoyo, anakana; kuti asinthanitse ndi ina, anakananso. Pamapeto pake mwini mundayo analoledwa kuizula. Onani: Samura anali ndi chake mkatimo, komabe mtendere wa banja unaposa. Nanga ife amene timadutsa pakhomo pa mnzathu chifukwa chongoopa kuzungulira?

Tiwonjezere apa kuti munthu akalipira lendi, malowo ali m'manja mwake mwezi umenewo. Ngakhale alandilodi eniake ayenera kuodira.

Komabe musanathamangire kukagula njerwa, funsani funso limodzi: chinayamba n'chiyani, njira kapena nyumba? Mapuloti ambiri a pamalo a malonda ngati Bwanje anali minda, ndipo anagulidwa njira yopita kumjigo, kudimba kapena kumanda ili kale pomwepo. Wogula anamanga mdadada wake pakati pa njirayo, lero akuti anthu ndi amwano. Njira yotere mukaitseka usiku umodzi, m'mawa mupeza mpanda utabooledwa, ndipo mudzakhala mukusoka chaka chonse. Shariah nayonso siili kumbali yanu yonse. Mu Muwatta ya Imam Malik muli nkhani ya Dahhak ibn Khalifa, yemwe ankafuna kudutsitsa ngalande ya madzi pamalo a Muhammad ibn Maslama. Mwini malo anakana, koma Khalifa Umar (RA) analamula kuti ngalandeyo idutse, popeza inkathandiza mnzake popanda kumuonongera iye kanthu. Bukhari ndi Muslim analandiranso chigamulo cha Mtumiki (SAW) chakuti anthu akakangana pa kukula kwa njira, isiyidwe ya mikono 7, yomwe ndi mamita atatu ndi kanthu. Tikuphunzirapo kuti anthu sangasiyidwe opanda podutsa.

Choncho njira yakale siitsekedwa, imasamutsidwa. Mwini nyumba apatule kamzere m'malire mwa puloti, kunja kwa mpanda, kokwana mayi wosenza ndowa ndi njinga yonyamula thumba. Alambule, achotse zitsa, kuti njira yatsopanoyo isakhale chilango. Ambiri amadandaula kuti ataya malo. Ife tikuona kuti mita imodzi kapena awiri ndi mtengo wochepa poyerekeza ndi chidani cha mudzi wonse, makamaka kwa munthu wobwera.

Nanga malamulo a dziko? Gawo 314 la Penal Code limanena za mlandu wolowa pamalo a mwini, koma limafuna kuti wolowayo akhale ndi cholinga chopalamula mlandu, kuopseza, kunyoza kapena kusautsa wokhalapo. Mwana wasukulu amene akuthamangira belu alibe cholinga chotere. N'chifukwa chake kuthamangira kupolisi sikuthetsa vuto la chidule, pokhapokha pali wina amene wachenjezedwa koma akubwerabe mwadala, wathyola mpanda, kapena akusuzumira ku bafa. Ameneyo mukamunene, ndipo a komyuniti polisi amudziwe. Koma mkangano wa njira ndi malire pamalo a makolo umayambira kwa amfumu. Lamulo la Customary Land Act la 2016 linaika makomiti oona za malo pansi pa gulupu, komanso mabwalo omva milandu ya malo otsogozedwa ndi mfumu yaikulu. Pitani kwa nyakwawa musanakumbe dzenje ngakhale limodzi, ayendere malowo pamodzi ndi oyandikana nawo, ndipo zimene mwagwirizana zilembedwe. Amfumu akalengeza okha pamsonkhano, mawu ake amalemera kuposa chikwangwani cholembedwa kuti pano si njira.

Odutsa ambiri ali ndi akuluakulu awo. A kabaza ali ndi wapampando pasiteji yawo, ana ali ndi ahedi, ndipo ife tili ndi mzikiti: chilengezo chachifupi pambuyo pa Jumu'ah chimafika kutali. Apatseni anthu sabata imodzi kapena ziwiri kuti azolowere.

Ukatha ulendo umenewu m'pamene mpanda umagwira ntchito. Wa njerwa ndi wokhalitsa, koma wa tsekera kapena bango umakwanira ngati wamangidwa mothinana ndipo watalika kupitirira maso a munthu woimirira. Kumbukirani kuti udzu umafuna kukonza chaka ndi chaka chifukwa cha chiswe, ndipo usayandikire pophikira. Khonje ndi nkhadze zimatseka bwino, ngakhale nkhadze sitiilimbikitsa pakhomo pa ana, chifukwa utomoni wake umapweteka maso. Chofunika kwambiri n'chakuti khomo lolowera likhale limodzi. Bwalo lokhala ndi mipata iwiri yoyang'anizana limaitana lokha odutsa. Nthawi zambiri mpata wachiwiriwo amaboola ndi okhala pomwepo pofuna kufupikitsa ulendo wa kumjigo. Ngati ukufunikadi, pakhale geti ya loko, banja lililonse ndi kiyi wake.

Zimene sitingavomereze ndi misampha: kukwirira mabotolo osweka kapena misomali panjira, kukumba dzenje n'kuphimba, kulumikiza waya ku magetsi, kumasulira galu ana, kapena kumenya wodutsa. Wovulala kawirikawiri amakhala mwana wopanda nsapato kapena gogo wosaona bwino, ndipo amene anali wodandaula amasanduka woyankha mlandu, kukhoti ndi pamaso pa Allah.

Latsala funso la ndalama. Mpanda ndi udindo wa mwini nyumba, chifukwa umatsala pamalo ake anthu akasamuka. Ngati alibe ndalama pakali pano, okhalamo angathe kusonkha n'kumanga, ndalamazo n'kumachotsedwa pa lendi mwezi ndi mwezi. Lembani papepala kuti aliyense wapereka zingati ndipo zidzatha kubwezedwa mwezi uti, pakhale mboni ziwiri, ndipo mbali iliyonse isunge pepala lake.